Kugula nyumba mu Lilongwe: onani dera musanatulutse ndalama

Pa makoma a nyumba zina za m'mphepete mwa mtsinje wa Lingadzi pali mzere wotuwa, wolekeza m'mawondo, pena m'chiuno. Mwini nyumba akafuna kugulitsa amaupaka laimu kapena penti, koma kuseri kwa chitseko cha kubafa ndi m'kati mwa kabati ya m'khoma umatsalabe. Mzerewo ndi pamene madzi analekezera. Wogula wobwera mu Seputembala, dzuwa likuswa mtengo, kapinga atauma, Lingadzi akuyenda ngati kamfuleni, sauganizira n'komwe. Maso ake amakhala pa matailosi, pa geti yachitsulo ndi pa mtengo wa mango uli pabwalo. Mzere uja amadzaudziwa mu Febuluwale, pakati pa usiku, akukweza matiresi pamwamba pa tebulo.

Kabuku aka ndi ka mabanja amene akufuna kugula nyumba, yotha kapena yosatha, m'madera okhala anthu mu mzinda wa Lilongwe. Zambiri zigwiranso ntchito ku Blantyre, ku Mzuzu ndi ku Zomba.

## Chifukwa chake dera liyambe

Pamene boma linkasamutsa likulu kuchoka ku Zomba mu 1975, Lilongwe anali tauni yaing'ono. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mu mzindawu, kuposa a ku Blantyre omwe anali 800,264. Anthu achuluka msanga kuposa mapaipi, ngalande ndi misewu ya tara. N'chifukwa chake nyumba ziwiri zofanana, zomangidwa ndi mmisiri mmodzi, zimatha kupatsa eni ake moyo wosiyana kotheratu. Wina mpopi wake sugona. Wina amadzuka 2 koloko usiku kukatchera ndowa, chifukwa ndi nthawi yokhayo imene madzi amakwera kufika kwawoko.

Denga lodontha mmisiri amalikonza pa sabata imodzi. Msewu woterera, bala yoyimba mpaka mbandakucha ndi dambo la kuseri kwa mpanda, mwini nyumba sangazisunthe. Wa lendi akatopa nazo amapereka notisi n'kuitana lole. Wogula amakhala atakwirira pamenepo penshoni yake, ndalama za fodya za zaka zingapo, kapena ngongole ya kubanki yobweza zaka 15, ndipo tsiku limene adzafune kugulitsa, ogula atsopanowo adzaona zonse zimene iye sanaone.

Pena nkhani yake imakhala ya moyo ndi imfa. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche ku Blantyre, n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja. Anthu oposa 1,000 anafa m'dziko muno. Lilongwe alibe mapiri otere pakati pa mzinda. Mavuto ake ndi madambo ndi mitsinje: mu 2017 Lingadzi anasefukira n'kulowa m'nyumba za ku Mtandire, ndipo chaka chomwecho madzi anasautsanso anthu a ku Kawale ndi madera oyandikana nawo.

## Mzinda wa manambala

Mlendo asanyengedwe ndi manambala a madera. Area 24 ili kum'mwera, Area 25 ili kumpoto cha ku Kanengo, ndipo pakati pake pali mzinda wonse. Area 43 yagundana ndi Area 10. Ejenti akamanena kuti nyumba ili "pafupi ndi tauni", afunsidwe kuti tauni yake iti, poti Lilongwe ali ndi mitima iwiri: Old Town komwe kuli depoti ndi msika waukulu, ndi City Centre cha ku Capital Hill.

Ku Area 3, 9, 10, 12 ndi 43 mapuloti ndi aakulu, mitengo yambiri, mipanda yaitali, usiku kuli zii. Mtendere umenewu uli ndi mtengo wake. Minibasi sizilowa m'misewu yambiri ya kumeneko, choncho banja lopanda galimoto, ngakhale wantchito wawo, amayenda mtunda kukafika pa siteji. Pamafunika mlonda, wosamala pabwalo, ndi msonkho wokwera wa kukhonsolo.

Area 15, 18, 47 ndi mbali zina za Area 49 monga Gulliver ndi madera apakati, okondedwa ndi aphunzitsi, anamwino ndi antchito a m'boma ndi m'makampani. Nyumba zambiri za ku Area 18 zinali kapena zikadali m'manja mwa Malawi Housing Corporation, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1964. Ngakhale m'dera limodzi zinthu zimasiyana ndi msewu: ku Area 47, nyumba yoyandikira Bwandilo ndi ya mkati mwa sekita sizigona tulo tofanana Lachisanu usiku.

Kawale, Biwi, Mchesi, Chilinde, Area 23 ndi Area 25 ndi madera othithikana koma oduliratu mapuloti. Kuno ndiye kuli moyo wa m'tauni weniweni: msika pafupi, chigayo pafupi, kabaza pakhomo, ana odzaza msewu. Puloti imodzi imatha kukhala ndi nyumba yaikulu kutsogolo ndi timanyumba ta lendi tinayi kumbuyo, onse chimbudzi chimodzi. Wogula puloti yotere wagulanso alendiwo ndi milandu yawo.

Mtandire, Chinsapo, Mgona, Kauma ndi Senti anakula popanda pulani. Nyumba n'zotsika mtengo, koma njira zina galimoto silowa, madzi ambiri ndi a pa kiyosiki, ndipo mapepala a malo nthawi zambiri amathera pa kalata ya amfumu. Kenaka pali kumalekezero ndi kunja kwa mzinda, ku Njewa ndi Chitedze pa msewu wa Mchinji, ku Six Miles, ku Chigwirizano ndi ku Lumbadzi, komwe minda ya chimanga yasanduka mapuloti. Kumeneko munthu amapeza malo otakasuka, n'kumalipira mtunda tsiku ndi tsiku.

## Gawo 1: Yenderani dera kanayi, popanda ejenti

Ejenti amatenga wogula Loweruka m'mawa, pa galimoto, kudzera msewu wabwino. Imeneyo ndi ntchito yake. Wogula abwerenso yekha, wapansi, pa nthawi izi:

1. M'mamawa wa tsiku la ntchito, cha m'ma 6 koloko. Imani pa siteji. Onani kutalika kwa mzere ndi nthawi imene minibasi ikutenga kuti idzaze. Kwerani mpaka kuntchito kwanu ndipo werengani mphindi.
2. Lachisanu kapena Loweruka usiku, kupitirira 9 koloko. Pitani awiri kapena atatu. Mvetserani zoimbira za m'mabala ndi m'mashabini, onani ngati msewu uli ndi kuwala ndi ngati amayi akuyenda momasuka.
3. Lamulungu m'mawa. Tchalitchi cha zokuzira mawu choyandikana ndi chipinda chogona chimadziwika tsiku limeneli. Funsaninso ngati chimachita mapemphero ochezera usiku.
4. Mvula yaikulu itangokata. Uwu ndiwo ulendo wofunika koposa. Onani kumene madzi akulowera, ngati ngalande zatsekeka ndi zinyalala, ndi ngati galimoto yaing'ono ingadutse.

Ngati malonda akuchitika m'chilimwe ndipo sangadikire Januwale, nthaka imanenabe zoona. Bango, nsenjere, dimba la masamba lobiriwira mu Okutobala ndi dothi lakuda la makande long'ambika ming'alu ndi zizindikiro za dambo. Nyumba zoyandikana zikakhala ndi makhonde okwera masitepe atatu kapena anayi, kapena timakoma ta njerwa totchinga pakhomo, eni ake anaonapo kanthu. Matumba a mchenga owolera m'mbali mwa msewu akunena zomwezo.

Safunsa anadya phula. Koma pofunsa pali luso. Mnansi wogundana mpanda ndi wogulitsa akhoza kumubisira mnzake, pomwe mayi wogulitsa tomato pa kona alibe chotaya. Wogula agule mulu umodzi, apereke moni wokwanira, kenaka afunse funso losayankhika ndi "eya" kapena "ayi". Kucheza kwake kumayenda motere:

"Mayi, kunotu ndikufuna kudzakhala nanu. Madzi pampopi abwera liti komaliza?"

"Iii, bambo, dzana usiku. Mukuona zigubu zili apozi?"

"Nanga mvula ikagwa yambiri, inu mumadzera kuti popita kumsika?"

Yankho la funso lachiwirili limaulula mlatho umene umamira ndi njira imene imasanduka mtsinje. Wakabaza wa pa siteji amadziwa misewu yoopsa usiku. Wogulitsa madzi pa kiyosiki amadziwa masiku amene mpopi umauma.

## Gawo 2: Madzi, magetsi ndi chimbudzi

Lilongwe Water Board imatunga madzi mu mtsinje wa Lilongwe, omwe amasungidwa m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde. Madziwa amakankhidwa ndi makina oyendera magetsi, ndiye malo okwera ndi a kumapeto kwa paipi ndiwo amayamba kuuma, makamaka kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa. Thanki pamwamba pa nsanja nyumba iliyonse mu msewu ndi umboni wokwanira. Wogula awerengeretu mtengo wa thanki yake.

- Tsegulani mipopi yonse, ya kubafa ndi ya kukhitchini, masana.
- Tsekani mipopi yonse n'kuyang'ana mita. Ikamayendabe, paipi ikudontha pansi.
- Pemphani mabilu a miyezi itatu yapitayi. Ngati mita ndi yolipiriratu, funsani ku ofesi ngati ilibe ngongole yakale.
- Onani mita ya ESCOM ngati sinaseweretsedwe. Mawaya olumikiza mwachinyengo akapezeka, amene ali m'nyumbamo ndiye amayamba kuyankha.
- Ngati nyumba ilibe magetsi, werengani mapolo kuchokera pamene waya walekezera. Mawu oti "magetsi akubwera posachedwa" akalamba nawo anthu ambiri.

Kuthimathima kwa magetsi sikusankha dera kwenikweni. Namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo mzinda wonse unadziwana ndi makala ndi makandulo kwa miyezi yambiri. Komabe anansi amadziwa ngati thiransifoma ya m'dera lawo imapsa kawirikawiri, ndi masiku amene imatenga kuti ikonzedwe.

Za chimbudzi anthu amachita nazo manyazi kufunsa, chonsecho ndi zimene zimadwalitsa ana. Madera ochepa okha ndiwo ali pa paipi ya suweji. Ambiri amadalira sepitiki thanki kapena chimbudzi chokumba. Wogula afunse kuti thankiyo ili pati, inapopedwa liti, ndipo galimoto yopopa ingafike bwanji. Pa malo a dambo thanki imadzaza ndi madzi a pansi nthawi ya dzinja, zonyansa n'kumabwerera m'nyumba. Ngati banja lidzamwa madzi a pachitsime, chitsimecho chitalikirane ndi chimbudzi chilichonse, cha pakhomopo ngakhale cha aneba, ndi mamita osachepera 30, ndipo chikhale kumtunda kwake. Pa mapuloti ang'onoang'ono mtunda umenewu supezeka.

Kolera wa 2022 mpaka 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023 chifukwa cha mliriwo. Ngakhale madera a mapaipi si otetezeka kotheratu: mu 2017 anthu a ku Area 18 anatunga pampopi madzi osakanikirana ndi zonyansa za suweji. Fungo la suweji mu msewu, kapena chivundikiro chimene chikutuluka madzi akuda, si zonyalanyaza.

Wogula afunsenso za zinyalala. M'madera ambiri anthu amalipira magulu kapena makampani otola zinyalala mwezi ndi mwezi, apo ayi amakumba dzenje. Puloti yopanda nyumba yoyandikana nanu kawirikawiri ndiyo imakhala dzala la msewu wonse.

## Gawo 3: Werengani mtengo wa mtunda

Nyumba ya kutali imatsika mtengo pogula, n'kumadya pang'onopang'ono. Tiyerekeze kuti bambo amakwera minibasi ziwiri popita ndi ziwiri pobwera, iliyonse K1,500. Pa tsiku ndi K6,000, pa masiku 22 a ntchito ndi K132,000. Mayi akamagwiranso ntchito m'tauni, ndalamayo iwirikizidwe, kenaka awonjezepo kabaza wa ana. Mitengo imasintha mafuta akakwera kapena akasowa, choncho banja liwerenge ndi mitengo ya sabata imene likuyendera deralo.

Wogula aonenso sukulu ya pulayimale imene mwana wa Sitandade 1 angafike wapansi osadumpha msewu waukulu kapena mtsinje, ndi chipatala chapafupi monga cha ku Area 25, Area 18 kapena Kawale. Funso lenileni ndi ili: mayi woyembekezera matenda atamuyamba 1 koloko usiku mu Januwale, galimoto ifika pakhomo kuti imutengere ku Bwaila kapena ku Kamuzu Central?

## Gawo 4: Anthu ake

M'madera othithikana ndi a kunja kwa mzinda muli mafumu kapena mabuloko lida. Amaweruza timilandu ta malire, amalengeza maliro, amasunga kaundula wa zopereka. Wobwera kumene amene sasonkha ufa kapena ndalama ya maliro, ndipo saoneka pa siwa, anthu amangomuyang'ana. Tsiku limene zidzamugwere amadzaona mipando ili mbee. Ku Area 10 zoterezi kulibe kwenikweni: munthu amatha zaka zisanu osadziwa dzina la mnansi, ndipo maliro amayendetsedwa ndi mpingo, akuntchito ndi galimoto za kampani. Banja lisankhe moyo umene lingaukwanitse. Ena phokoso la ana ndi moni wa pa mpanda ndiwo mtendere wawo, ena zimawatopetsa.

Pa chitetezo, maso amathandiza kuposa mafunso. Magalasi osweka ndi waya waminga pamwamba pa mpanda uliwonse, mawindo a zitsulo ziwiriziwiri, nyumba zosatha zomera thengo momwe anyamata amasutiramo, zonsezi zimanena kanthu. Wogula afunse ngati kuli gulu la aneba loyendera usiku, amasonkha zingati pa mwezi, ndi kumene kuli polisi yapafupi.

## Gawo 5: Nyumba yeniyeniyo

Apa wogula atenge mmisiri wake, osati wa wogulitsa, amulipire tsiku limodzi.

- Ming'alu yopingasa ngati masitepe, yochokera pa kona ya windo kapena chitseko, imasonyeza kuti maziko akutsika. Pa dothi la makande zimenezi n'zofala.
- Penti watsopano m'munsi mwa khoma mokha akubisa chinyontho. Gogodani pulasitala. Akamalira ngati ng'oma, wafufuma.
- Kwerani m'siling'i ndi tochi. Onani chiswe m'matabwa ndi kuwala kolowera m'mabowo a malata.
- Kandani pang'ono pakati pa njerwa ndi msomali. Nyumba zina anamangira dothi n'kupaka simenti kunja kokha.
- Tsegulani ndi kutseka zitseko zonse. Chitseko chokanirira chimatha kutanthauza khoma losuntha.

## Gawo 6: Mapepala

Pano ndi pamene mabanja ambiri alirira. Malo a mu mzinda ali ndi eni osiyanasiyana: ena ali pansi pa Unduna wa za Malo, ena pansi pa Malawi Housing Corporation, ena pansi pa khonsolo ya mzinda, ena ndi a anthu kapena makampani. Kunja kwa malire a mzinda kuli malo a makolo oyang'aniridwa ndi mafumu. Malamulo a malo analembedwa mwatsopano mu 2016 n'kukonzedwanso mu 2022, ndiye zimene amalume anachita pogula puloti yawo kalekale sizingakhale muyeso wa lero. Tsatani ndondomeko iyi, osadumpha:

1. Dziwani mwini nthaka. Funsani kuti puloti ili pansi pa ofesi iti, kenaka pitani nokha ku ofesiyo ndi nambala ya puloti.
2. Onani chikalata chenicheni, osati fotokope kapena chithunzi cha pa WhatsApp. Nyumba zambiri za mu mzinda zili pa lizi ya zaka 99. Onani chaka chimene inayamba ndi zimene imalola. Kalata ya ofa si chikalata cha umwini, ndi lonjezo chabe lokhala ndi mfundo zoyenera kukwaniritsa.
3. Fufuzani m'kaundula wa malo. Mumalipira kandalama kochepa n'kulandira pepala losonyeza mwini wake weniweni, ngati nyumbayo ili chikole ku banki, ndi ngati wina anaikapo chiletso.
4. Fananizani dzina la pa chikalata ndi la pa chiphaso cha unzika cha wogulitsa. Kumanani naye maso ndi maso. Akati mwini wake ali ku Johannesburg kapena ku London, pakhale chikalata chovomerezeka chopatsa mphamvu womuimirayo, ndipo loya wanu achitsimikize.
5. Nyumba ya masiye isagulidwe kwa mwana mmodzi kapena kwa m'bale wa malemu chifukwa choti ndiye ali ndi makiyi. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana. Wogulitsa aonetse chikalata cha khoti chomupatsa mphamvu yoyendetsa chumacho.
6. Nyumba ya banja: mkazi kapena mwamuna wa wogulitsa adziwe ndipo asayine. Milandu yambiri imayamba ndi mayi amene wamva kwa aneba kuti nyumba yagulitsidwa.
7. Pezani mabikoni. Saveya wovomerezeka aonetse ngodya zonse. Mpanda si malire. Mipanda yambiri inadya msewu kapena puloti ya mnansi.
8. Pemphani pulani yodindidwa ndi khonsolo, kuphatikizapo ya boyizi kota ndi zipinda zowonjezera.
9. Fufuzani ngongole: msonkho wa nyumba wa kukhonsolo, lendi ya nthaka, madzi ndi magetsi. Zilipiridwe musanamalize, kapena zichotsedwe pa mtengo.
10. Lembani loya wanu wokhala ndi chilolezo chogwira ntchito chaka chimenecho. Iye alembe mgwirizano, apemphe chilolezo chosinthira umwini, aone za msonkho ku bungwe lotolera misonkho la MRA, ndipo alembetse dzina lanu m'kaundula.

Ndalama ya loya ndi ya saveya imawawa pa tsiku lolipira, koma ndi kachigawo kochepa ka mtengo wa nyumba. Mlandu wa malo kukhoti umatha zaka, nyumba ili yotseka kapena mukukhala wina.

Banja likambiranenso dzina lolembedwa pa chikalata. Ngati onse awiri asonkha, maina onse awiri akhoza kulembedwa, ndipo zimenezi zimatseka pakamwa achibale tsiku la zovuta.

## Gawo 7: Kulipira

Lipirani kudzera ku banki, ku akaunti ya dzina lomwe lili pa chikalata kapena ya loya, osati ndalama za m'chikwama pa malo omwera tiyi. Lipirani m'magawo: pang'ono posayina mgwirizano, zotsala mapepala akatheka ndi makiyi akaperekedwa. Mgwirizano unene mtengo, tsiku lomaliza kulipira, tsiku lotuluka wogulitsa kapena alendi ake, ndi zimene zidzachitike wina akabwerera m'mbuyo.

Kulemba mtengo n'kofunika chifukwa kwacha siikhazikika. Inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Nthawi zoterezi wogulitsa amene munangogwirizana pakamwa amadzuka ndi mtengo wina. Ogula nyumba yosatha achenjere kawiri, poti simenti, malata ndi mawaya zimakwera limodzi ndi dola. Nyumba yofika pa windo ikadali kutali: denga, pulasitala, zitseko, mapaipi ndi magetsi ndizo zimadya ndalama zambiri.

Wotenga ngongole awerenge chiwongoladzanja modekha. Mu 2024 Reserve Bank of Malawi inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo ngongole za m'mabanki zinkayendera komweko. Pa 25 peresenti, ngongole ya K20 miliyoni imabala pafupifupi K5 miliyoni chaka choyamba, ngongole yeniyeniyo isanatsike kwenikweni.

## Machenjezo

- Madobadoba amene amati "pali wina akubwera ndi ndalama mawa" akufuna kuti musafufuze. Asiyeni agulitse kwa winayo.
- Puloti imodzi, ogula atatu. Zimachitika kwambiri kunja kwa mzinda. Mukaona njerwa kapena mchenga wothiridwa pa malo amene akuti ndi opanda mwini, funsani kuti ndi za yani.
- Wa lendi m'nyumba ya Housing sangaigulitse. Amene akugulitsa "makiyi" sakugulitsa nyumba.
- Pansi pa mawaya akuluakulu a magetsi, m'malire a msewu, pamwamba pa paipi yaikulu ndi m'mphepete mwa mtsinje ndi malo oletsedwa kumanga. Kukuzidwa kwa misewu monga Kenyatta ndi M1 kwaonetsa kuti malo a msewu boma limadzawafuna ndithu, ngakhale patapita zaka.
- Kalata ya amfumu pa malo amene ali mkati mwa malire a mzinda siikutetezani ngati malowo ndi a boma, a khonsolo kapena a Housing.

## Zolakwika zofala

Choyamba ndi kuthera ndalama zonse pa mtengo wa nyumba, osasiyako ya loya, msonkho, thanki, mpanda ndi zokonza. Banja limalowa m'nyumba yake n'kuyamba katapila mwezi womwewo.

China ndi kutuma m'bale. Amalawi ambiri okhala ku South Africa ndi ku Britain amagula poona zithunzi za pa foni. Chithunzi sichionetsa fungo la ngalande kapena bala ya kuseri, ndipo m'bale wotumidwayo nthawi zina amakhala atapangana kale ndi ejenti za gawo lake. Wokhala kunja alembe loya ndi wowerengera mtengo wa nyumba amene sadziwana ndi wogulitsa, ndipo pepala la kaundula alione yekha.

Ena amagula kumene kukukhala anzawo akuntchito, osaona kuti anzawowo ali ndi galimoto ziwiri. Ena amalipira zonse, n'kusunga chikalata chili m'dzina la wogulitsa zaka khumi, mpaka wogulitsayo amwalira ndipo ana ake akuti sakudziwa kanthu.

## Mwezi woyamba m'nyumba yatsopano

1. Sinthani maloko onse tsiku lolowa.
2. Lembani manambala a pa mita ya madzi ndi ya magetsi, ndipo yambani kusintha maina ku Water Board, ku ESCOM ndi ku khonsolo.
3. Kadzionetseni kwa amfumu kapena buloko lida ndi kwa anansi a mbali zonse. Lembetsani m'kaundula wa maliro ndi m'gulu la chitetezo.
4. Ngati mwapeza alendi, lembani nawo mgwirizano watsopano wonena lendi, tsiku lolipira ndi kagawidwe ka mabilu.
5. Jambulitsani mapepala onse. Enieniwo asungidwe ku banki kapena kwa loya, makope akhale kunyumba ndi kwa m'bale mmodzi wodalirika.
6. Mvula isanayambe, gwirizanani ndi anansi kuchotsa dothi ndi mapulasitiki m'ngalande ya kutsogolo, kuyambira kumtunda kwa msewu mpaka pamene madzi amatulukira.